Lipoti la ulendo wa ku Johannesburg: msonkhano wa olemba ndi otsogolera mafilimu

A wapampando, akuluakulu a komiti ndi mamembala nonse,

Ndabwerako bwino ku Johannesburg komwe munandituma, ndipo lipoti lake ndi ili. Ndaona kuti ndilembe msanga m'malo modikira tsiku lokumana, chifukwa zandipeza kale zoti ena akunena kuti ndinapita kukaoda majini ndi mafoni ndi ndalama za gulu. Malisiti a basi, a malo ogona ndi a chakudya ali ndi a msungichuma, wofuna kuwaona apite akawaone. Chomwe simuchipeza pa malisitiwo ndi ndalama ya m'thumba mwanga yomwe ndinaonjezera pamene theka lachiwiri la alawansi silinafike pa nthawi yomwe tinapangana. Imeneyo tiikamba m'munsimu.

Kunabwera olemba ndi otsogolera mafilimu ochokera m'mayiko ambiri a kuno kummwera kwa Africa, ena a ku Kenya ndi Uganda, komanso alendo ochepa a ku Ulaya ndi ku South America. Mwambo wotsegulira unali malankhulidwe ndi tiyi. Gawo la inshulansi ya zipangizo linali la anthu omwe ali ndi zipangizo zoyenera inshulansi. Gawo la kagulitsidwe ka mafilimu pa intaneti linangobwereza zomwe timadziwa kale, zoti ogula amafuna mawu omveka bwino ndi zithunzi zoyera, ndipo mapepala ake ndabwera nawo. Ndithamangire pomwe ndikuona kuti ndalama yanu inagwira ntchito.

Masana aliwonse kunkakhala phunziro la mtundu umodzi wa mafilimu a nthumanzi, aja omwe munthu wamba wosadziwa kanthu amapezeka wakodwa m'moyo wa munthu amene anapha anthu ambiri nthawi ya nkhondo, n'kuthawa, n'kusintha dzina. Ankaphunzitsa ndi mayi wina wa ku Argentina, wolemba mafilimu, wosachedwa ndi nthabwala. Amaonetsa kachigawo ka filimu, kuimitsa, kufunsa funso, ndipo ukayankha zozungulira amangotembenukira kwa wina.

Tinayamba ndi The Stranger ya Orson Welles, ya 1946. Mkulu wina wa chipani cha Nazi cha ku Germany wathawira m'katauni ka ku Connecticut, ku America, wasanduka mphunzitsi pa sukulu ya anyamata, ndipo akukwatira mwana wa jaji wa khothi lalikulu. M'tauni monse amamukonda. Akapeza mpata amakakonza wotchi yakale ya pa nsanja ya tchalitchi. Wofufuza milandu akumusaka koma alibe chithunzi chake, choncho akumasula dala mnzake wa mkuluyo m'ndende kuti amulondole. Mnzakeyo akufikadi, ndipo akuphedwa m'nkhalango tsiku la ukwati lomwelo. Apa mayi uja anaimitsa filimu n'kufunsa kuti mwini nkhani ndani. Ambiri anati wofufuza, ena anati wakuphayo. Iye anati ndi mkwatibwi. Wofufuza akuchidziwa kale choonadi, wakupha nayenso akuchidziwa. Amene ali ndi mtunda woti ayende ndi mkaziyo yekha, ndipo sakufuna kuuyenda. Wofufuza akumuonetsa zithunzi zenizeni za m'misasa yomwe a Nazi ankapheramo anthu, iye akuthamangirabe kwa mwamuna wake. Galu wa kwawo akufa chifukwa ankafukula pomwe panakwiriridwa mtembo, mwamuna akuvomera kuti wamupha ndiye, koma mkaziyo akupezabe njira yomuikira kumbuyo. Woonera sakufunsanso kuti wapha ndani. Akufunsa kuti mayiyu adzalola liti kudziwa chomwe akuchidziwa kale mumtima.

Pamenepa anatikumbutsa kusiyana komwe Alfred Hitchcock ankakonda kufotokoza, kwa kudzidzimutsa woonera ndi kumusunga mtima uli m'mwamba. Bomba likangophulika mwadzidzidzi, woonera amadzidzimuka kamphindi basi. Koma mukamuonetsa bombalo lili pansi pa tebulo, kenako anthu n'kukhala patebulopo kumacheza za mpira, woonerayo sapuma mpaka chigawo chithe. Kwathu kuno ndi ngati woonera waona njoka ikulowa m'dengu la ufa, kenako mayi akubwera ndi mbale akuimba nyimbo ya kwaya. Ndinene pano, a wapampando, kuti ili ndi vuto lenileni la filimu yathu yapita ija. Tinamubisa wolakwa mpaka kumapeto, n'kubweretsa sing'anga kuti amuulule m'mphindi ziwiri zomaliza. Ndinanena pa zokambirana za script, nkhani ya filimu yolembedwa papepala, kuti woonera adziwe msanga, koma ndinauzidwa kuti Amalawi amakonda kudabwitsidwa. Amalawi omwewo anayamba kutuluka muholo filimu ili pakati, ndipo tonse tinalipo.

Marathon Man, ya 1976, ambiri a inu munaionapo m'nyumba za vidiyo. Dustin Hoffman ndi mnyamata wa pa yunivesite ku New York, wokonda kuthamanga, yemwe sakudziwa ntchito yeniyeni ya mkulu wake. Laurence Olivier ndi dokotala wa mano wa ku msasa wa Auschwitz, amene wakhala akubisala ku South America ndipo wabwera kudzatenga madayamondi omwe anasungitsa ku banki. Aliyense amakumbukira chigawo cha pa mpando, pomwe dokotalayo akuboola dzino la mnyamata uku akubwereza funso limodzi lomwe mnyamatayo sakulimvetsa n'komwe. Ine ndinkawerenga zomwe zili m'chipindamo: mpando, nyale, kathebulo ka zitsulo, anthu ochepa. Palibe galimoto yophulika, palibe mfuti ikulira. Zonsezo tikhoza kuzipeza ku Limbe m'mawa umodzi.

Koma chigawo chomwe mayi uja anachibwereza kawiri ndi china. Dokotala wa mano uja akuyenda mu 47th Street, msewu wa ogulitsa madayamondi, momwe muli Ayuda ambiri, kufuna kudziwa mtengo wa katundu wake. Gogo wina wamkazi tsidya la msewu akumuzindikira. Akuyamba kufuula dzina lake, akuwoloka msewu akukuwa, ndipo anthu akungomuyang'ana ngati wamisala. Tauni yonse ili pa malonda ake, gogoyo ndiye akuona. Muholo munati zii. Chigawo chimenechi chisungeni m'mutu, ndichifunanso ndikafika pa zathu.

Tsiku lina anationetsa filimu ya kwawo, Wakolda ya Lucía Puenzo, ya 2013. Banja lina likupita ku Bariloche m'chaka cha 1960 kukatsegulanso hotela yakale, ndipo panjira likukumana ndi dokotala wachijeremani waulemu kwambiri. Iye akukhala mlendo wawo woyamba, akulipiriratu miyezi, akuthandiza bambo pa bizinesi yake ya zidole. Mwana wawo wamkazi ndi wamfupi kuyerekeza ndi zaka zake ndipo anzake amamuseka kusukulu. Dokotala akuti ali ndi jakisoni womukulitsa. Mayi ali ndi pakati pa mapasa. Ife oonera tikudziwa kuti uyu ndi Josef Mengele, amene ankachita zoyesa zake pa ana amapasa ku Auschwitz. Nkhani ya banjalo ndi yopeka, koma Mengele anakhaladi ku Argentina, kenako Paraguay ndi Brazil, komwe anamira m'nyanja mu 1979 asanaimepo m'khothi lililonse, ndipo mafupa ake anawafukula mu 1985 pamanda olembedwa dzina la munthu wina. Chomwe chinandigwira m'filimuyi n'chakuti munthu woopsayo salowa m'nyumba ndi mfuti. Amalowa ndi thandizo. Banja limamutsegulira lokha chifukwa lili ndi chosowa.

Mayi wa ku Argentina uja anatsindika kuti nkhani zenizeni zimaposa zopeka. Adolf Eichmann, amene ankayendetsa ntchito yotumiza Ayuda ku misasa ya imfa, ankakhala ku Buenos Aires pa dzina la Ricardo Klement, akugwira ntchito pa fakitale ya Mercedes-Benz. Amene anayamba kumutulukira sanali kazitape. Anali Lothar Hermann, bambo wosaona yemwe anapulumuka ku msasa wa Dachau, ndipo mwana wake wamkazi Sylvia ankacheza ndi mwana wa Eichmann, mnyamata amene ankagwiritsabe ntchito dzina la bambo ake lenileni. Hermann analembera kalata woimira boma pa milandu ku Germany, Fritz Bauer, ndipo Bauer anatsina khutu a ku Israel. Oyamba kutumidwa kukaona anakayika, ati munthu wamkulu chotero sangakhale m'nyumba yosauka ngati ija. Anadzamugwira mu Meyi 1960 akutsika basi pochokera kuntchito, ndipo anamunyonga mu 1962. Anatitchuliranso Radovan Karadžić wa ku Bosnia, mtsogoleri wa nthawi ya nkhondo ya kumeneko yemwe ankasakidwa pa mlandu wopulula anthu, amene anamangidwa ku Belgrade mu 2008 ali ndi ndevu zoyera, akudzitcha Dragan Dabić, akuchiza anthu ndi mankhwala achilengedwe ndi kuphunzitsa za umoyo pamisonkhano. Wina wa ife akanalemba zimenezi mu script, komiti ikanati nkhani yake yanyanya bodza.

Filimu yomwe yandisowetsa tulo ndi Music Box ya Costa-Gavras, ya 1989. Jessica Lange ndi loya wa ku Chicago, ndipo bambo ake, omwe anachokera ku Hungary nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, akuimbidwa mlandu woti anali m'gulu lomwe linkapha Ayuda ku Budapest. Bambowa analera ana awo ndi thukuta la m'fakitale, amasewera ndi mdzukulu wawo, ndipo mwana wawo akuwaimira m'khothi ndi mtima wonse. Mboni zokalamba zikubwera imodzi imodzi kudzanena zomwe zinaona m'mbali mwa mtsinje wa Danube, iye akuzipanikiza ndi mafunso mpaka umboni wawo ukugwedezeka. Akuwina mlandu. Atawina ndi pomwe akupeza zithunzi zobisidwa m'kabokosi koimba nyimbo, ndipo nkhope ili pa zithunzizo ndi ya bambo ake. Khothi lamasula kale, palibe akumukakamiza, akhoza kuzitentha zithunzizo n'kukadya nawo phwando. Filimu yonse yamangidwa kuti tifike pa mphindi imeneyo. Inapata mphoto ya Golden Bear ku Berlin mu 1990. Ndipo wolemba wake, Joe Eszterhas, filimu itatuluka kale, anadzamva kuti bambo ake omubereka akufufuzidwa ndi boma la America chifukwa cha zolemba zodana ndi Ayuda zomwe anafalitsa ku Hungary nthawi ya nkhondo. Analemba nkhani ya m'nyumba mwake asakudziwa.

Mpaka apa wina anganene kuti izi ndi za azungu, zikutikhudza pati. Gawo lotsatira linayankha funso limenelo, ndipo ndi pomwe mkangano unabuka. Loya wina wa ku South Africa anafotokoza za anthu omwe ankasakidwa pa mlandu wopulula Atutsi ku Rwanda mu 1994, ndi komwe anakapezeka. Fulgence Kayishema, yemwe anali wapolisi ndipo akuimbidwa mlandu wa imfa ya anthu oposa 2,000 omwe anathawira m'tchalitchi cha Nyange, anamangidwa pa 24 Meyi 2023 pa famu ya mphesa ku Paarl, akugwiritsa ntchito dzina lina. Protais Mpiranya, mkulu wa asilikali olondera pulezidenti, anasakidwa zaka zambiri pomwe anali atamwalira kale ku Harare mu 2006 n'kuikidwa pa dzina lachilendo, ndipo ofufuza anadzatsimikiza zimenezi mu 2022 atafukula manda. Basi yomwe ndinakwera inadutsa mu Harare momwemo. Félicien Kabuga, wamalonda wolemera yemwe ankaimbidwa mlandu wothandiza akuphawo ndi ndalama, anagwidwa pafupi ndi Paris mu Meyi 2020 patatha zaka 26, koma majaji anadzapeza kuti wakalamba ndipo mutu sukugwiranso moti sangazengedwe mlandu. Anzathu a ku Chipata ndi Lusaka adziwe kuti Jean-Paul Akayesu, munthu woyamba kupezeka wolakwa pa mlandu wopulula mtundu m'khothi la mayiko onse, ku Arusha mu 1998, anamangidwira ku Zambia mu 1995. Poyamba anali mphunzitsi.

Kenako loyayo anatchula Malawi, ndipo maso onse anatembenukira kwa ine. Ananena za Vincent Murekezi, amene ankachita malonda ku Lilongwe pomwe kwawo anali atagamulidwa kale iye kulibe, ndipo anatumizidwa ku Rwanda mu Januwale 2019. Nkhaniyi tonse tinaimva pa wailesi. Munthu ameneyu anali ndi makasitomala, antchito, oyandikana naye nyumba. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma sanatiuze zomwe amamva munthu yemwe wakhala akugula, kubwereka ndi kudyera limodzi ndi mwini mlanduyo zaka zonsezo. Filimu ili pamenepo, ndipo palibe waijambula.

Mnyamata wina wa ku Uganda anaimirira n'kunena kuti nkhani zoterezi zijambulidwe msanga, ndi mayina enieni, anthu aone. Ine ndinakana, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake, popeza ndinkayankhula m'dzina lanu. Ndinawauza za Dzaleka, msasa wa ku Dowa womwe unatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale panali ndende ya andale, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, kuchulukitsa kangapo chiwerengero chomwe malowo anakonzedwera. Ndinawauza zomwe tinaona mu 2023, pamene othawa kwawo omwe ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni anatengedwa kubwezedwa ku msasa, mashopu n'kutsekedwa, ana n'kusiya sukulu. M'makwalala mwathu aliyense wochokera ku Rwanda, Burundi kapena Congo timangomuti Mburundi, osasiyanitsa. Mukajambula filimu yomwe wogulitsa mugolosale wolankhula Chichewa chopotoka akupezeka kuti ndi wakupha, n'kuionetsa m'nyumba ya vidiyo ku Mchesi kapena ku Ndirande, mawa lake pali mwana wa munthu wosalakwa amene agendedwe popita kusukulu. Ku Johannesburg sindinafunike kufotokoza zambiri. Anthu a kumeneko akudziwa zomwe zinachitika mu 2008, pamene alendo ochokera m'mayiko ena anamenyedwa ndi kuphedwa, ndipo abale athu omwe anabwerako pa mabasi chimanjamanja akudziwa kuposa ife.

Mayi wa ku Argentina anandithandiza ndi nkhani ya John Demjanjuk. Ameneyu ankagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto ku Ohio. Anatumizidwa ku Israel, anthu opulumuka ku msasa wa Treblinka anamuloza m'khothi akulira kuti ndi mlonda wankhanza uja ankamutcha Ivan, ndipo mu 1988 anagamulidwa kuti aphedwe. Mu 1993 khothi lalikulu la dzikolo linathetsa chigamulocho chifukwa panapezeka mapepala osonyeza kuti Ivan uja anali munthu wina. Nkhani sinathere pomwepo, popeza mu 2011 khothi la ku Munich linamupeza wolakwa pa zomwe zinachitika ku msasa wina, wa Sobibor, ndipo anamwalira mu 2012 apilo yake isanamvedwe. Mboni zija sizinkanama. Zinaona zoopsa zenizeni, koma patapita zaka 40 nkhope zinasokonekera. Kwa wolemba, kukayika kumeneku ndi chuma: nanga ngati woloza chalayo walakwitsa? Kwa ife okhala ndi alendo pakhomo, ndi chenjezo.

Tsono maganizo anga ndi awa, ndipo ndikupempha kuti alowe pa mndandanda wa zokambirana. Filimu yathu yotsatira ikhale ya mtundu umenewu, m'malo mwa gawo lachitatu la nkhani ya mpongozi wamfiti ija. Mwini nkhani akhale mayi wamasiye wa nyumba za lendi. Mlendi wake wakhala pakhomopo zaka zambiri, salumpha mwezi, ndi amene anathamanga ndi malemu bambo kuchipatala usiku, ndipo akulipirira mwana wa mayiyo sukulu ya unamwino. Amene akudzamuzindikira asakhale wapolisi kapena Mmalawi wansanje ya malonda. Akhale mayi wina wothawa kwawo, wochokera m'dziko lomwelo, amene akumva mawu ake kuseri kwa mpanda akuitana nkhuku, miyendo n'kumuzizira. Uyu ndi gogo wa mu 47th Street uja. Tikatero woonera aona kuti ophedwa ndi akupha anathawa pa msewu umodzi, ndipo amene ali pa ngozi yaikulu mlendiyo akakhalabe mfulu ndi othawa anzake. Dziko lomwe anachokera tisalitchule. Ndipo woonera adziwe choonadi filimu isanafike pakati, kuti theka lotsalalo tikhale ndi mayi wa nyumba uja, akuwerengera fizi ya mwana wake uku akudziwa kuti kuseri kwa mpanda kuli munthu sakugona.

Ndikudziwa kale omwe atsutse. A wachiwiri kwa wapampando adzati nkhani za ufiti ndi chikondi ndi zomwe zimayenda pa memori khadi. Zimayendadi, koma zimayenda mwaulere, ndipo pa mafilimu awiri apitawa gulu silinabweze ngakhale ndalama ya mafuta a jenereta. Ena adzati ndi ndale, tidzavutika ndi a zounika mafilimu. Tikalemba mosatchula dziko kapena munthu, sindikuona pomwe angatigwire. Ena angakonde kuti nkhaniyi tiipititse kumalire, ku Nsanje kapena ku Dedza, pa munthu amene anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, pomwe dziko lathu linasunga othawa oposa miliyoni imodzi nkhondoyo isanathe mu 1992. Ganizo limeneli lili ndi nzeru, chifukwa kumeneko mlendo ndi mwini mudzi amalankhula chinenero chimodzi, nthawi zina ndi pachibale, ndipo palibe angamuloze chifukwa cha kalankhulidwe. Ine ndikanakondabe m'tauni chifukwa cha mayendedwe, koma pamenepa ndingagonje ngati anzathu a ku Ntcheu atatsimikiza za malo ogona ojambula.

Mfundo zomwe msonkhano unamanga ndi zitatu. Yoyamba, script iliyonse yokhudza munthu weniweni wamoyo kapena mlandu womwe uli m'khothi iziwerengedwa ndi loya isanajambulidwe. Ndinavomera, ngakhale sindikudziwa loya amene angatiwerengere pa mtengo wa fanta. Yachiwiri, opulumuka ku zoopsa zoterezi azifunsidwa nkhani ikadali papepala, osati kungoitanidwa tsiku loonetsa kuti adzalire pamaso pa kamera. Iyi ndinaiombera m'manja, ndipo kwa ife ikutanthauza kupita ku Dowa kukakhala pansi ndi magulu a zisudzo ndi ojambula omwe ali mumsasamo, kuwawerengera nkhani yathu, n'kumva pomwe tanama. Ena a iwo akhoza kusewera nawo, pa malipiro ofanana ndi athu. Yachitatu ndi yomwe ndinaikana: akuti kukumana kotsatira kudzachitike pa Zoom pofuna kupulumutsa ndalama. Ndinawauza kuti bandulo ya maola ambiri chotero, kuphatikiza kuzima kwa magetsi, ndiye kuti ife a kuno tidzangomva moni ndi kutsanzika. Anandimvera chisoni koma mavoti anapita kwina.

Panalengezedwanso kuti pali mwayi wa thandizo la ndalama zolembera script kwa magulu ang'onoang'ono. Akufuna zinthu ziwiri zokha: setifiketi yosonyeza kuti gulu linalembetsedwa ku boma, ndi akaunti ya ku banki ya m'dzina la gulu. Anzathu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe anatenga mafomu pomwepo. Ine ndinatenga fomu n'kuipinda, chifukwa tilibe zonse ziwiri. Nkhani yolembetsa gulu tinaimanga pa msonkhano wa pachaka wapitawo, tinasonkha, ndipo a mlembi anapatsidwa ntchitoyo. Mpaka lero timangomva kuti mapepala ali m'njira. Ndalama za gulu zikusungidwabe pa nambala ya foni ya munthu mmodzi, ndipo n'chifukwa chake theka la alawansi yanga linachedwa: mwini foni anali ku maliro kumudzi komwe kulibe netiweki. Sindikunena kuti wina wadya ndalama. Ndikunena kuti ndinagona pa benchi ya pa depoti usiku womwe ndinayenera kukhala pa chakudya cha madzulo pomwe anthu ankapatsana manambala ndi kupangana zogwirira ntchito limodzi, ndipo mwayi umenewo unali wa gulu, sunali wanga.

Pomwe tili pa zimenezi, maikolofoni yathu ija inabwerekedwa kukajambulira ukwati mwezi wa Ogasiti sinabwerere. Mafilimu onse ndatchulawa mphamvu yake ili pa mawu otsika: mpando kulira, kupuma kwa munthu, funso lonong'ona. Mayi wa ku Argentina anatitsekera chithunzi cha chigawo cha dokotala wa mano n'kutisiya ndi mawu okha, ndipo anthu ankagwirabe masaya. Ndi kamaikolofoni ka pa kamera, komwe kamatola tambala wa kwa aneba ndi chigayo cha kutsidya, filimu ya nthumanzi isanduka ya nthabwala. Amene ali nayo akudzidziwa, ndipo komiti ikumudziwa.

Ndabweretsa zolemba za phunziro lonse, fomu ya thandizo ija, ndi manambala a anthu anayi omwe avomera kuwerenga script yathu ikakhala m'Chingerezi, kuphatikizapo loya uja. The Stranger imapezeka mwaulere pa intaneti popeza umwini wake unatha ku America, choncho ndikupempha kuti Loweruka likubwerali tibwereke projekita tiionere limodzi, kenako tikambirane ganizo la mayi wa nyumba za lendi tisanavote. A mlembi abwere ndi lisiti la kolembetsa gulu, kapena ndalama zomwe tinasonkha. A msungichuma abwere ndi yankho la ndalama yanga yomwe ndinaonjezera.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu ku msonkhano wa ku Johannesburg